Ndodo ya M'masipoko

Zimene ndinataya Loweruka lija ndi izi.

Mkazi wanga.
Mwana amene anali m'mimba mwake, wa miyezi isanu.
Chitenje chake chobiriwira, chimene chinatsala kuchipatala.
Chisena chochepa chimene ndinayamba kuphunzira.
Phokoso la makina osokera Lamlungu masana.
Mpata womaliza nkhani imene ndinali nditangoyamba kumuuza.

Nkhaniyo ndi imene ndikulemba pano. Ndinamubisira zaka zonse za ukwati wathu, ndipo tsiku limene ndinayamba kuiulula ndinalekezera pakati.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Nyambadwe, pabanja lina la anthu a mu ofesi. Ife tinkakhala kumunsi, ku Mbayani, m'chipinda chimodzi cha lendi. Ndikaweruka kusukulu ndinkakwera mtunda kukawapeza, chifukwa kunyumba kunalibe munthu. Abwanawo anali ndi mwana wamwamuna wa msinkhu wanga, ndipo anali ndi kanema. Ankandilola kuonera nditakhala pansi pakhomo la pakati pa khitchini ndi balaza, bola mapazi anga asakhudze kapeti.

Lachitatu lililonse madzulo, nkhani zisanayambe, kunkabwera katuni ya za mitengo. Tinkaikonda kuposa zonse zakunja chifukwa inkalankhula Chichewa, ndipo phiri la mmenemo linkafanana ndi la Ndirande, limene tinkaliona tikangotuluka panja. Munali ana atatu ovala yunifolomu, aliyense ndi ndodo yake. Munali bambo wamkulu wonenepa bwino, womwetulira, amene ankabwera pa helikopita. Ndiye munali wamakala.

Wamakalayo anamujambula wowonda, wa malaya ong'ambika, maso ofiira, manja akuda mpaka m'zigongono. Akakhudza mtengo, mtengowo unkalira ngati khanda. Akaseka, mitambo inkathawa. Sankalankhula ngati ana aja. M'malo monena zinthu ankati pinthu, ndipo ife tinkagubuduka ndi chiseko.

Mathero ake anali amodzimodzi sabata iliyonse. Wamakala akutsika phiri pa njinga, matumba atatu kumbuyo. Ana aja abisala m'udzu m'mbali mwa msewu. Njinga ikafika, mmodzi akulowetsa ndodo m'masipoko a tayala lakutsogolo. Wamakala ankauluka m'mwamba, kutembenuka katatu, n'kugwa chamutu m'thumba lake lomwe. Tinyenyezi tinkazungulira mutu wake, mano n'kumagwa limodzilimodzi ngati chimanga chokazinga. Kenako ankadzikutumula, n'kudzuka, n'kuthawa akutsimphina. Ana ankaimba kuti, "Wakuda manja, waba mvula!" Helikopita inkatera, bambo wamkulu uja n'kugawa mbande za mitengo, mvula n'kugwa. Lachitatu lotsatira wamakala ankabweranso, mano onse ali m'kamwa.

Kumbuyo kwanga, pakhomo la khitchini, mayi anga ankakhala akupemerera mbaula. Adona sankalola kuti nyemba ziphikidwe pamagetsi. Makalawo ankagula pageti, kwa anthu a njinga.

Amene anayambitsa ndi mwana wa abwana. Sindikunena izi kuti ndidziyeretse, chifukwa ine sindinakane ngakhale pang'ono. Anati tichite katuni yeniyeni. Iye akhala woimba nyimbo, ine ndikhala wa ndodo, chifukwa ine wa ku Mbayani ndimadziwa kuthamanga. Tinatenga mopu ya mayi anga kuseri kwa nyumba, n'kuzula mutu wake, kutsala mpini wokha.

Amakala akamaliza kuyenda m'mageti a ku Nyambadwe ankatsikira ku Mbayani ndi matumba otsala. Msewuwo ndi wotsetsereka. Amene sanaione njinga ya makala pamtsetse sangamvetse zimene zinachitika. Matumba amaimikidwa pakaliyala, kutchingidwa ndi timitengo, kumangidwa ndi mphira ya chubu, ndipo amatalika kuposa mutu wa mwini njinga. Mabuleki sagwira katundu wotero. Munthuyo amavala nsapato ya tayala, n'kumakanikiza phazi patayala la njinga kuti ichepetse liwiro. Akangoyamba kutsika sangaimenso mpaka kumunsi. Maso ake amakhala kutsogolo basi.

Tinabisala m'ngalande, pansi pa mpanda wa maluwa. Tinalola awiri kudutsa chifukwa ankayenda moyandikana. Wachitatu anali yekha. Anali ndi chipewa choluka, tsiku lotentha. Ndimakumbukira fungo la mphira yopsa kuchokera kuphazi lake. Ndinatuluka, n'kulowetsa mpini ndi manja awiri.

Sanauluke. Mpini unalandidwa m'manja mwanga n'kundisupula khungu la pachikhatho. Tayala linaima pomwepo, njinga n'kuimirira ndi kumbuyo, bamboyo n'kumenya nkhope patala. Phokoso lake linali lalifupi, ngati dzungu likagwa kuchokera patebulo. Matumba onse atatu anabwera pamwamba pake, limodzi pamsana, lina pakhosi. Mphira inaduka n'kulira. Makala anamwazika msewu wonse, ena akugubuduka okha kutsika mtunda.

Ndinadikira tinyenyezi. Ndikunena zoona, ndinaima pamenepo kudikira kuti adzikutumule. Mwendo wake umodzi unkapalasa pang'onopang'ono ngati akadali pa njinga. Pansi pa thumba panayamba kutuluka magazi, akuyenda pakati pa makala, akutenga fumbi lakuda. Pafupi ndi phazi langa panali dzino, ndi kanyama kake.

Mwana wa abwana anaimba nyimbo ija kamodzi, n'kuthawira kugeti. Ine ndinathamanga kutsika, kudumpha makala, mpaka ku Mbayani. Sindinacheuke.

Madzulo amenewo mayi anga anandikwapula ndi waya wa magetsi chifukwa cha mopu. Adona anali atawakalipira pamaso pa mlonda. Anandifunsa kumene ndinataya mpini, ine ndinati sindikudziwa, iwo n'kuwonjezera. Bala la pachikhatho ndinati ndi botolo. Mawa lake ndinadutsa pamalo paja. Makala onse anali atatoledwa, ngakhale tizidutswa. Panangotsala banga lakuda patala. Palibe amene anafunsa kalikonse, ndipo Lachitatu ndinakhalanso pakhomo paja kuonera. Wamakala anagwa, anadzuka. Mwana wa abwana anaseka, osandiyang'ana.

Patapita nthawi kunachitika chisankho, ndipo katuniyo itabweranso malaya a bambo wa helikopita anali atasintha mtundu. Ine ndinkaganiza kuti kanema wawonongeka. Ndinadzamvetsa ndili ku koleji, tikukangana za ndale m'chipinda chogona, kuti malaya oyamba anali a mtundu wa nsalu za chipani chimene chinkalamula, ndipo achiwiri anali a mtundu wa chimene chinalowa. Nkhope, mimba ndi helikopita sizinasinthe. Wamakala naye sanasinthe, anakhalabe wong'ambika, wolankhula ngati anthu a kuchigwa, a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, omwe ambiri tinkatunga nawo madzi pampopi umodzi ku Mbayani. Malole ofunditsidwa matenti amene tonse tinkawaona akulowa m'tauni atadzaza matumba sanajambulidwemo ngakhale kamodzi. Mbaula ya adona sinajambulidwemo. Munthu wogula makala munalibe m'katuni monsemo, ngati kuti wamakalayo ankawotcha mitengo chifukwa chodana ndi mvula.

Zimenezi ndinkazifotokoza bwino kwambiri. Anzanga ankandiombera m'manja, ena n'kumati ndilembe. Ndinkanena za malaya, za malole, za chilankhulo. Za mpini wa mopu sindinauze munthu.

Mkazi wanga ndinakumana naye ku Limbe, pakhonde la sitolo ina pamene ankasoka. Ndinapititsa thalauza yoti andichepetsere, chifukwa mawa lake ndinali ndi mayeso a ntchito. Anaitambasula m'mwamba, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, thalauzayi mwabwereka kwa ndani? Mwiniwake amadya bwino."

"Ndi yanga," ndinatero.

"Ndiye munadwala chaka chonse. Imani bwino ndikuyezeni. Musapume, mungathere pomwepa."

Ntchitoyo ndinaipeza, ya ukalaliki pakampani ina m'tauni. Ndinabwereranso ndi malaya amene analibe vuto lililonse. Anawayang'ana mkati ndi kunja, n'kunena kuti, "Apa chong'ambika ndi mwini wake." Tinakwatirana patatha zaka ziwiri, n'kupeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Mbayani komweko, chakumtunda.

Apongozi anga aamuna ndinawaona koyamba kwawo ku Chikwawa, tisanakwatirane. Atatsegula pakamwa kundilonjera, ndinaona kuti alibe mano akutsogolo. Phewa lawo lakumanja linali lotsika. Pakhoma la nyumba panatsamira njinga yakale, timitengo tiwiri tikadali pakaliyala. Ndinakumbukira bambo wa chipewa choluka uja.

Pobwerera m'minibasi ndinamufunsa bwenzi langalo za bambo ake, ngati wongocheza. Anandiuza kuti bambo ake anakankha makala kukwera mapiri a ku Thabwa kubwera ku Blantyre zaka zambiri, ndipo ndi makalawo amene anamufikitsa Folomu 2. Mano anathera pamtsetse wina wa komweko, nsapato ya tayala itaduka. Ndinafunsa ngati ankafika ku Nyambadwe. Anati ayi, iwo ankathera ku Chilobwe ndi ku Zingwangwa, katundu akatsala ndiye ku Limbe. Ndinapuma. Kenako ndinachita manyazi ndi kupumako.

"Tchuthi china ndinabwera nawo," anatero, akuyang'ana pawindo. "Ndinali kamwana. Ndinkawathandiza kukankha pokwera. Titalowa m'tauni ana anayamba kutitsatira, akuimba, akugenda. Wakuda manja, waba mvula. Mwala wina unandipeza apa." Anandigwiritsa chala kuseri kwa khutu, pamene panali kachipsera. "Ine ndinkadabwa kuti mvulayo taiba liti, taiika pati. Ndinayang'anadi m'matumba. Kwathu kunalibe kanema, sindinkadziwa kuti nyimboyo ndi ya pakatuni. Bambo anangoti, usatembenuke, kankha."

Anatenga dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuona chipsera cha pachikhatho.

"Nanga inu apa?"

"Botolo," ndinatero.

Tinakhala m'banja zaka zitatu. Sindinganame kuti nkhaniyo inkandisowetsa tulo tsiku lililonse. Miyezi inkatha osaiganiza. Inkabwera apongozi akabwera kudzacheza, akamatafuna nyama ndi mano a m'mbali. Inkabwera wamakala akaima pakhomo, mkazi wanga n'kumutulutsira madzi akumwa m'kapu yathu yagalasi, osati ya pulasitiki, n'kumalankhula naye Chisena. Ine ndinkalowa kuchipinda. Iye ankati ndine wonyada ngati anthu onse a ku koleji. Ndinkalola kuti aziganiza choncho, chifukwa kunyada ankatha kukukhululuka. Zinazo sindinkadziwa.

Loweruka lija magetsi anazima m'mawa. Mkazi wanga anali atanyika nyemba, ndipo makala anali atatha m'chitini. Tinakhala pakhonde, iye akusomola ulusi pa diresi ya kasitomala, ine ndikuyang'ana foni. Pagulu la anzanga a kupulayimale wina anatumiza kachidutswa ka katuni ija, kosaoneka bwino, kojambulidwa pa tepi yakale. Anthu ankaseka, akuti ubwana wathu unali wokoma. Ndinakatsegula osaganiza, mawu ali pamwamba. Nyimbo ija inamveka pakhonde pathu.

Manja ake anaima.

"Zimitsani."

Ndinazimitsa.

"Ndiye ndi imeneyo? Ndioneni." Anatenga foni, n'kuonera mpaka pamene wamakala akuuluka, mawu atatseka. "Anamujambula bwino. Chipewa chokha anaiwala. Inunso munkaimba?"

"Ndinkaimba."

"Ana onse ankaimba. Musaoneke ngati mwaba nkhuku."

Akanapanda kunena zimenezo mwina ndikanakhalanso chete. Koma anali atandikhululukira chinthu chaching'ono, ndipo ine sindinathe kulandira. Ndinatambasula chikhatho pabondo pake.

"Apa si botolo."

Ndinamuuza za mopu, za ngalande, za awiri amene tinawalola kudutsa. Ndinamuuza za chipewa choluka. Ndinafika pamene matumba anagwera pamsana pa bamboyo, n'kulekezera pomwepo. Sanachotse dzanja langa, koma sanaligwire. Ankayang'ana chipseracho ngati mmene ankayang'anira nsalu imene telala wina waiwononga, kufuna kuona ngati ingakonzeke. Sanalire.

Kenako anaimirira pang'onopang'ono, dzanja limodzi pamsana, chifukwa mimba inali itayamba kulemera. Anapinda diresi ija, n'kukaiika pamakina. Anamanga chitenje chobiriwira, n'kutenga jumbo yogulira makala. Ndinati ndipite ndine. Anapukusa mutu. Ali pakhomo anatembenuka n'kunena mawu ochepa, n'kutuluka.

Zimene zinachitika kumsewu anandiuza ndi mayi wina wogulitsa tomato, amene ankatidziwa tonse awiri. Masiku amenewo kunkayenda pikapu ya anyamata olanda makala. Analibe yunifolomu. Sindikudziwa amene ankawatuma, ndipo sindilemba zimene sindikudziwa. Ankanyamula mipini ya makasu. M'mawa umenewo anatsitsa anzawo awiri kumunsi kwa mtsetse, pikapu n'kukwera kukathamangitsa amakala kuchokera kumtunda. Wamakala wina anatsika ndi liwiro lonse, phazi litachoka patayala, akukuwa kuti anthu apatuke. Mmodzi wa awiri aja anatuluka kuseri kwa benchi ya malonda n'kulowetsa mpini m'masipoko akutsogolo.

Mkazi wanga anali m'mbali mwa msewu, ataima kudikira kuti njingayo idutse. Njinga inapinduka n'kubwera chammbali, ndi matumba ake atatu. Inamumenya pachifuwa n'kumuponya m'ngalande ya simenti. Mutu unafikira pangodya.

Anyamata aja anakweza matumba awiri amene sanaphulike, n'kunyamuka. Mayi wa tomato anati anali a msinkhu wanga. Anati wa mpiniyo ankaseka, mpaka pamene anaona miyendo ya munthu m'ngalande.

Ine ndinamva phokoso ndili pakhonde pomwe anandisiya. Nditafika ndinapeza magulu awiri a anthu. Laling'ono linali la amayi, atazungulira ngalande, atatambasula zitenje kuti anthu asaone. Lalikulu linali pakati pa msewu. Pikapu inali itapita, ndiye anthu anagwira amene anatsala. Wamakalayo anali pansi, mkono umodzi utapindikira kumene mkono supindikira. Ankamuponda kumutu. Wina ankamumenya ndi mpando wa njinga yake yomwe. Mnyamata wa kabaza anathyola thabwa la benchi pamsana pake, n'kukatenga lina. Bamboyo sankadziteteza. Ankangonena mawu amodzi mobwereza, m'kamwa muli magazi okhaokha, ndipo ine ndi Chisena changa chochepacho ndinamva kuti akuitana mayi ake.

Wina anakuwa kuti, "Amuna awo ndi awa!" Anthu anapatuka. Bambo wina amene timapemphera naye anandiika chidutswa cha njerwa m'manja.

"Yambani ndinu, achimwene. Wapha akazi anu galu ameneyu. Yambani, ife timaliza."

Njinga inali pafupi ndi mapazi anga. Mpini wa khasu unali udakali m'tayala, masipoko atapindikira pa iwo. Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Ndinkadziwa mmene unalowera, kutalika kwake kuchokera pansi, mbali imene munthu amaimira. Ndinkadziwa kuti kwinakwake m'pikapu muli munthu amene chikhatho chikumuwawa.

Sindinagende. Koma sindinanenenso kuti musiyeni. Mwina mwa anthu onse a pamenepo ndine ndekha amene akanandimvera. Ndinatembenuka n'kupita kwa amayi aja, phokoso n'kuyambiranso kumbuyo kwanga.

Mkazi wanga anali akupumabe pamene tinkamukweza m'galimoto ya munthu wina wachifundo. Maso anali otsegula koma sankaona. Sanalankhule. Tinafika kuchipatala atasiya kale kupuma. Namwino ndi amene anandiuza kuti, "Bambo, ikani pansi chimenecho." Njerwa ija inali idakali m'manja mwanga.

Ulendo uno ndinafunsa za wamakalayo. Nditabwerako kumaliro ndinapita kwa mayi wa tomato. Anati wamakala uja anamunyamula apolisi masana, atamufunditsa thumba lake lomwe. Makala anatoledwa onse.

Mkazi wanga tinakamuika kwawo ku Chikwawa. Mwambo utatha, apongozi anandiitanira kuseri kwa nyumba, pamene panali njinga ija. Ndinkayembekezera kuti andifunsa chifukwa chimene ndinalolera mkazi woyembekezera kupita yekha kumsika. Anasisita phewa lotsika lija.

"Mwananga, wa njinga uja anali wa kuti?"

Ndinati sindikudziwa.

"Abale ake anamupeza?"

Ndinati sindikudziwa.

Anagwedeza mutu. "Pamtsetse sungaime," anatero. "Anthu sadziwa. Amaona ngati ukuchita dala."

Ndikanatha kuwauza pamenepo. Ndinabisa dzanja m'thumba la thalauza, yomwe ija anandichepetsera mwana wawo.

Ndikukhalabe m'nyumba yomweyo. Makina ali pamalo pake, diresi ya kasitomala mwini wake anadzaitenga isanathe. Pagulu la anzanga a kupulayimale ndinatulukapo. Magetsi akazima ndimagula makala, chifukwa palibe china chophikira, ndipo ndimatulutsa madzi m'kapu yagalasi. Amakalawo amathokoza, ena amadabwa. Sizikonza kanthu.

Ndapitako kawiri ku Nyambadwe, pamalo paja. Msewu anauthira tala wina. Ndinafunsa mlonda wachikulire wa nyumba yoyandikana ngati akukumbukira wamakala amene anagwa pamenepo kalekale. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Uti?"

Chimene sindidzadziwa ndi chakuti mkazi wanga anatuluka kuti akapeze mtima wondikhululukira, kapena kuti asandione nkhope. Ndayesa kukumbukira mmene anamangira chitenje, mmene anatengera jumbo. Sindipezamo yankho. Ndili ndi mawu okha amene ananena ali pakhomo, osakweza, dzanja lili pachitseko.

"Musachoke. Ndikabwera mundiuze ngati bamboyo anadzuka."